Jekete la Kalebe ndi Suti Yabuluu

Ana anga, Tadala ndi Limbani, kumapeto kwenikweni kwa wodilopu ya kuchipinda kwanga kuli suti yabuluu yopanda nsalu yam'kati. Mayi anu akhala akufuna kukaipereka ku sitolo ya zachifundo, ndipo nthawi zonse timakangana. Ndikulemba mutu uno kuti mudziwe kumene inachokera ndi chifukwa chake siyenera kutuluka m'nyumba muno ine ndisanatuluke. Muli nkhani ya ntchito yanga, ya mnzanga uja munkamutcha Ankolo Tembo, ndi ya mnyamata wa ku America amene ndinamuchitira nsanje ali moyo. Atafa nsanjeyo inangokulirakulira, ndipo sindikupepesa.

1979 mpaka 2001, Limbe

Ntchito yanga yoyamba inali pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Limbe. Ndinayamba ndi kusoka mabatani ndi kupinda madiresi, kenako bwana wa khondelo anandilola kukhala pa makina opalasa ndi mwendo. Pomafika zaka zimene munkabadwa inu, dzina la Makwinja linali litamveka. Mkwati aliyense wofuna suti yokhala bwino paphewa ankauzidwa kuti apite kwa Makwinja. Kenako kunabwera kaunjika. Munthu ankagula jekete pamsika n'kubwera nalo kwa ine kuti ndingolichepetsa, ine amene ndinkatha kulisoka lonse kuchokera pa nsalu. Mayi anu atapeza mwayi wa unamwino ku London ndinawatsatira, ndipo anzanga a pakhonde anandiseka kwambiri. Ankati Makwinja wapita chikamwini cha pandege.

2002, Wembley

Miyezi yoyamba ndinkangokhala m'nyumba kudikira kuti mayi anu aweruke. Mwamuna wozolowera kugwira ntchito akamakhala chonchi amayamba kukwiya ndi zinthu zopanda pake, ndipo inu mukukumbukira mmene ndinkakalipira nsapato zosiyidwa pakhomo. Tsiku lina ndikuyendayenda ku Wembley ndinaona makina osokera pawindo la sitolo yochapa ndi kusita zovala, atavundikiridwa ndi nsalu. Ndinalowa. Mwini wake anali mmwenye wachikulire, a Kanti. Nditanena m'Chingerezi kuti ndine telala wochokera ku Malawi, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Iwe! Kwanu kuti?"

Ndinadabwa kumva Chichewa, n'kuwayankha kuti ku Limbe. Anali atabadwira ku Malawi komweko, ndipo ngakhale anachokako ali mnyamata, Chichewa cha m'sitolo ya bambo awo chinali chidakali pakamwa, cholamula chokhachokha. Anandiponyera buluku kuti ndilipinde. Atatembenuza mpendero n'kulephera kuona pamene ulusi wadutsa, anati, "Mawa bwera m'mawa. Osachedwa."

Ntchito yake inali yokonza basi: kufupikitsa miyendo, kusintha mazipi, kukulitsa m'chiuno Khirisimasi ikatha. Bwalo lalikulu la mpira la ku Wembley linali likugwetsedwa kuti amange lina, choncho tinkalandiranso maovolosi odzaza fumbi. Koma kuseri kwa sitoloyo, kumene kunali simbi ya nthunzi, ndinapezako chimene ndinali nditasowa chifikireni. Kunali a Tembo, wosita zovala, munthu wamfupi wa chifuwa chachikulu, nkhope yake yonyezimira ndi thukuta tsiku lonse. Kwawo kunali ku Katete, ku Zambia, ngakhale anakhalitsa ku Lusaka. Mkazi wawo anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Misozi, ku Thamesmead, kutali koti ankanyamuka kusanache kuti akwere basi ndi masitima.

"Mwabwela a Malawi," anatero tsiku loyamba. "Manje nizapeza womuseka."

Ndipo ankandisekadi. Ankati ife Amalawi timayankhula ngati tikuwerenga Baibulo, ine n'kumati iwo a ku Zambia anadula mawu onse michira. Masana tinkakhala pa makireti awiri pafupi ndi boyila n'kudyera m'kontena imodzi. Akabweretsa nsomba youma yogula ku Peckham, mutu unali wanga, chifukwa ndinawauza kamodzi kokha kuti ndimaukonda. Ndi a Tembo amene anandiphunzitsa kukwera sitima zapansi popanda kusochera. Ndi iwonso amene ndinkawauza zimene sindikanauza mayi anu, monga manyazi amene ndinkamva podya chakudya chogulidwa ndi mkazi. M'mzinda wonse uno ndinali ndi mnzanga mmodzi, ndipo ndinkaganiza kuti nayenso ali ndi ine ndekha.

2003, suti

Chaka chimenecho tinapita limodzi kumaliro a bambo wina wakwathu amene anafera m'chipinda cha lendi alibe wachibale. Poona nkhope tinapeza kuti ogwira ntchito kosungira mitembo amuveka juzi ya zipi ndi malaya a kolala yopindikira m'kati. Munthu anali mphunzitsi kumudzi, koma anapita ngati wogona pasiteshoni. M'sitima pobwerera, titadutsa masiteshoni angapo, a Tembo ananditembenukira.

"A Makwinja," anatero, "ine sinifuna kuyenda so. Tipangane. Amene azayamba, mnzake amuveke."

"Ndiye inu muli ndi chovala chotani choti ndidzakuvekeni? Kajekete kanu kaja ka mabatani osiyana?"

"Ndiye nisokeleni. Si imwe muzitama kuti munali telala wa ma bwana ku Limbe?"

Ndinawayeza mawa lake lomwe, pakati pa malaya a anthu. Ndinagula nsalu yabuluu wakuda, yaubweya weniweni, ndi ina yosalala yofiira ngati vinyo yoika m'kati, imene atelala timati layiningi. A Kanti anandilola kusokera pa makina awo ntchito ikachepa, bola ulusi ukhale wanga. Chichokereni ku Limbe ndinali ndisanasoke suti yathunthu. Kolala ndinaisoka pamanja. Mabowo a mabatani ndinawasoka pamanja. A Tembo anali ndi phewa limodzi lotsika chifukwa cha zaka zokankha simbi, ndipo ndinalibisa mwakuti ataima pagalasi anaoneka wowongoka ngati nduna. Anatsegula jekete, n'kusisita nsalu yofiira ija ndi chikhato.

"Iyi ndiye muzaniika nayo," anatero. "Olo nikalephele kuloba kumwamba, pa geti azaniitana bwana."

Pa ntchito zonse zimene ndagwira ndi manja awa, palibe yoposa suti imeneyo.

2003 mpaka 2004, Kalebe

Masamba atayamba kuyoyoka chaka chomwecho, m'sitolo munalowa mzungu wachinyamata wamtali kwambiri, atanyamula yunifolomu ya usilikali m'chikwama chopachika. Ankafuna kuti tiitalikitse mikono ndi kuisita chifukwa anali ndi mwambo wina woti akapezekepo. Ndikumuyeza ndinaitana kuseri m'Chichewa, monga tinkachitira ndi makasitomala onse.

"A Tembo, tabwerani mudzaone mtengo wa bulugamu walowa muno. Mikono yake tepi yanga ikuperewera."

Mnyamatayo anandiyang'ana pansi pamene ndinali, n'kumwetulira.

"Mikono ni ya atate anga," anatero. "Naine inivuta."

Tepi inandigwa m'manja. A Tembo anatuluka kuseri simbi ikufuka nthunzi, chifukwa mnyamatayo sanayankhule ngati ife Amalawi, anayankhula ngati kwawo. Anamufunsa kumene anaphunzira, ndipo atangotchula Katete, a Tembo anamugwira manja onse awiri osawasiya. Ine ndinatola tepi yanga n'kupitiriza kuyeza.

Dzina lake a Tembo ankalitchula ngati la m'Baibulo, Kalebe, ndipo tonse tinatengera. Anabadwira pa mishoni ina kufupi ndi Katete, kumene bambo ake ankaphunzitsa abusa ndipo mayi ake ankathandiza kuchipatala. Anakula akuthamanga ndi ana a m'midzi, wopanda nsapato, mpaka makolo ake anabwerera ku America iye asanathe msinkhu. Ankati kumeneko anzake a kusukulu ankamuona ngati mlendo, ndipo iye ankalota m'Chinyanja mpaka anakula. Analowa sukulu ya asilikali chifukwa agogo ake anali msilikali, komanso chifukwa, mwa mawu ake, kumeneko aliyense amametedwa mofanana ndipo palibe amakufunsa kumene unakulira. Bambo ake, munthu wa ulaliki, sanakondwe nazo. Pamene tinkamudziwa anali lefutenanti, woyang'anira kagulu ka asilikali, ndipo akuluakulu ake anali atamutumiza ku London kukaphunzira chaka chimodzi pa yunivesite.

Anayamba kubwera Loweruka lililonse, ngakhale alibe chovala chochapitsa. Makireti anali awiri okha, ndiye mukudziwa amene ankadya ataimirira. Iwo awiri ankakamba za mapiri a kwawo, za mango a kuseri kwa tchalitchi, za kukumba mbewa dzinja likatha, mitundu yake yonse ndi makumbidwe ake. Ine ndinakulira m'tauni, sindinakumbepo mbewa, choncho ndinkangotafuna. Loweruka lina a Tembo anatsegula kontena, n'kunyema mutu wa nsomba, n'kuuika m'dzanja la Kalebe.

"Idya mwana wanga. Ku America kulibe ivi."

Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinali bambo wa zaka zopitirira makumi anayi, wa ana awiri, koma mutu wa nsomba umenewo unandiwawa mpaka kunyumba. Mayi anu atandifunsa chimene chandikwiyitsa ndinanama kuti ndi a Kanti.

Chondipweteka kwambiri chinali chakuti mnyamatayo analibe pomugwira. Ndinamufufuza ngati mmene ndimafufuzira msoko wa telala wina, koma sindinapeze polakwika. Ankalandira chinthu ndi manja awiri. Akapeza ndikunyamula mitolo ya zovala ankandilanda. Ankatembenuza mikono ya yunifolomu yake n'kumati telala wa kwawo sangasoke choncho. Ndikanakonda akanakhala wamwano, kuti ndimude bwinobwino. Tsiku lina a Tembo atapita kukagula mkaka ndinaganiza zomulasa, poti tinali titamva kuti akamaliza maphunziro apita kunkhondo.

"Iwe Kalebe, nkhondo ya ku Iraq anakulakwira ndani kumeneko? Mwana wa abusa, ukukafunako chiyani?"

Sanakwiye. Anakhala akuzunguza kapu ya tiyi m'manja.

"Atate anga anifunsa chimozimozi," anatero. "A Makwinja, anyamata amene azanipatsa ni bana. Benangu ndevu zikalibe kumela. Nikakana ine, azayenda na munthu wina, kapena wosasamala."

"Ndiye suopa?"

"Niyopa maningi. Koma osabauza a Tembo."

Sindinawauze. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndinakondwa kuti pali chinthu chimodzi cha mnyamatayo chimene ndikudziwa ine, a Tembo osachidziwa.

Kalebe anali ndi jekete labulawuni lakalekale limene bambo ake ankavala ali ku Zambia. Ndinali nditalitalikitsa mikono mpaka nsalu yopinda inatha. Tsiku lotsanzika, dzuwa likutentha, analivula n'kuliika pamapewa a a Tembo.

"Munisungile, atate. Kuja kulibe mphepo. Nizabwela kutenga."

Mikono inalendewera kupitirira zala za a Tembo, ndipo a Kanti anaseka mpaka kutsokomola. A Tembo sanaseke. Anaima ngati avekedwa ufumu. Ine amene ndinatalikitsa mikono imeneyo ndinalandira moni wa manja awiri ndi mawu akuti zikomo.

2006, foni

Kalebe atapita ndinabwerera pa kireti yanga, ndipo mutu wa nsomba unabwereranso kwa ine, koma sunkakoma ngati kale. A Tembo ankangokamba za iye. Wailesi ikatchula Iraq ankaimitsa simbi m'mwamba n'kutchera khutu. Jekete lija analipachika kuseri m'pulasitiki, ndipo makasitomala akachepa ankalitulutsa n'kulisita, ngakhale panalibe amene walivala. Suti yanga inali ku Thamesmead m'wodilopu, sindinamvepo kuti yasitidwa.

Foni inalira masana ena mvula ikuwaza. A Kanti anali atapita kubanki, ndiye ndinayankha ine. Anali mawu a mayi wachikulire wachizungu, koma atamva kayankhulidwe kanga anasiya Chingerezi.

"Pepani, kodi ndikulankhula ndi a Tembo?"

"Ayi mayi, ndine Makwinja."

Anabwereza dzinalo, ngati akulifufuza m'mutu.

"Oo. Ndinu a telala aja?"

Anali mayi ake a Kalebe. Mwana wawo anali atawauza zonse za a Tembo, kwawo, dzina la mwana wawo, ngakhale za phewa lotsika. Ine ndinali a telala aja. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene aimbira, chifukwa mayi saimbira foni sitolo ya kutsidya la nyanja kuti apereke moni. Komabe, Mulungu andione, pansi pa mantha amene ndinali nawo mawu akuti a telala aja ankandibaya. Ndinaitana a Tembo n'kuwapatsa foni.

Kalebe anali m'galimoto yotsogolera pa msewu wina umene ankadutsamo kawirikawiri. Bomba lokwiriridwa m'mphepete mwa msewu linaphulika, ndipo iye ndi woyendetsa wake anafera pomwepo. Anali asanakwatire. Mayi akewo anati aikidwa kwawo mwa mwambo wa asilikali, ndipo a Tembo atafunsa za jekete anati alisunge, mwana wawo analipereka kwa munthu amene anamusankha yekha. A Tembo anabweza foni pamalo pake bwinobwino, kenako anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira mokuwa ngati ali kumudzi. Fungo la chinthu chopserera linadzaza sitolo. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo wonse wa ntchito anali atasiya simbi pa malaya a kasitomala.

Anati achita maliro ku Thamesmead. Abusa a kutchalitchi kwawo anayamba azengereza, chifukwa mtembo kunalibe, ndipo womwalirayo sanali mbale wa aliyense. A Tembo anawauza kuti mwana wobadwira ku Katete sangafe anthu a ku Katete osamulira, ndipo abusa anagonja. Ndinapita m'mawa. Monga mwa mwambo wawo tinatulutsa mipando yonse ya pabalaza kuti amayi akhale pansi, ndipo amene ananyamula sofa lolemera lija kudutsa nalo pakhonde la fulati ndinali ine, mpaka msana unandigwira sabata yonse. Anthu anabwera ndithu, a ku Peckham, a ku Wembley, ena osamudziwa n'komwe Kalebe. A Tembo anakhala pakona ngati namfedwa, anthu akuwagwira dzanja. Anavala jekete labulawuni, mikono ikulendewera. Ndinali nditaganiza kuti pa tsiku lalikulu ngati limenelo avala suti yanga.

Nanenso ndinalira, musaganize kuti ndine mwala. Ndinakumbukira kapu ija ikuzungulira m'manja mwake. Koma madzulo anthu atayamba kuchepa ndinapeza a Tembo ataima pakhonde akuyang'ana kumtsinje, ndipo funso limene linanditsamwa tsiku lonse linatuluka lokha.

"A Tembo, ine ndikadzafa mudzalira chonchi?"

Ananditembenukira maso ali psuu.

"Imwe muzafa mudala, na bazukulu. Uyu anali mwana. Mufuna nichite bwanji?"

Sanandiyankhe kuti inde. Ndinakwera basi ndili ndi mawu amenewo, ndipo ndinakhala nawo zaka zambiri. Munthu wamoyo ungapikisane naye, ukhoza kudikira kuti tsiku lina alakwitse. Wakufa salakwitsanso.

2018, Thamesmead

Zaka za pakatipa ndazilemba m'mutu wina: a Kanti kugulitsa sitolo atakalamba, ine kukakhala m'kachipinda kokonzera zovala m'sitolo yaikulu ya masuti kumene bwana wake anali wamng'ono kwa Limbani, ndi maso anga kuyamba kulephera kulowetsa ulusi mpaka ndinapuma. A Tembo anapuma ine ndisanapume. Tinkaonanabe, kudya limodzi, kusekana za Malawi ndi Zambia. Jekete linasamukira ku Thamesmead, ndipo chaka chilichonse mwezi umene Kalebe anafa ankalitulutsa n'kulisita. Ndinasiya kuyankhulapo.

Matenda a m'mimba atawagwira anatha msanga. Madokotala atanena kuti palibenso chochita anawabweza kunyumba, ndipo Misozi anandiimbira kuti bambo ake akundifuna. Ndinawapeza pabedi, chifuwa chachikulu chija chitaphwa. Pampando panali jekete labulawuni.

"A Makwinja, pangano ija muikumbuka?"

"Ndingaiwale bwanji? Suti ili m'wodilopumo. Ndingoichepetsa pang'ono poti mwaonda."

"Iyayi." Analoza pampando. "Nifuna kuyenda na iyi. Ananiuza kuti nimusungile, azabwela kutenga. Sanabwele. Manje nimupelekele neka. Mufupikitse mikono, nisakafike monga chidoli cha m'munda."

Suti imene ndinasoka pamanja, imene iwo eni anati adzaikidwa nayo, inali italuza kwa jekete lakutha la munthu amene anadya nafe chaka chimodzi chokha. Ndinafuna kuwakumbutsa amene ananyamula sofa, amene anawaperekeza kuchipatala, amene anakhala nawo zaka zonsezi mnyamatayo ali m'manda. Koma munthu wodwala chonchija sukangana naye. Ndinanyamula jekete n'kutuluka osatsanzika bwino.

Misozi ananditsatira mpaka pa masitepe. Anali atanyamula suti yabuluu m'pulasitiki yake.

"Ankolo, tengani na iyi," anatero motsitsa mawu. "Daddy ali confused, ni mankhwala. Ija jacket ni yakudala, anthu azakamba chani pa body viewing? Imwe konzani chabe suit. Sazaziba."

Apa ndiye panali povuta, ana anga. Mwana wa mwini wake anali kumbali yanga. Womuveka mnzanga ndinali ine, ndipo munthu akagona m'bokosi safunsa chimene wavala. Ndikanapambana popanda wondiloza chala. M'basi yonse ndinakhala ndi zovala ziwirizo pamiyendo, ndipo sindinama, ndinali nditatsala pang'ono kuvomera. Kunyumba ndinaziyala pathebulo moyandikana. Suti yanga inali ngati yasokedwa dzulo. Jekete la Kalebe linali litayera m'zigongono, ndipo nditalitembenuza ndinapeza kuti nsalu yake yam'kati yatheratu. Simbi ya a Tembo ya chaka ndi chaka inali itaipsereza mpaka ndikaikoka pang'ono inkang'ambika ngati pepala lonyowa. Panalibe posokera mikono popanda kuichotsa yonse.

Pangano lathu la m'sitima silinali la suti, linali loti munthu asavekedwe ndi anthu osamumvera. Ndikanamuveka chimene wakana, ndikanasiyana pati ndi aja anaveka mphunzitsi juzi ya zipi? Zimenezo ndinazivomera, ngakhale monyinyirika. Koma kuti ndituluke m'nkhaniyi chimanjamanja, mnyamata uja atenge zonse mpaka m'manda, zimenezo ayi. Ndinatenga kalumo kanga komasulira ulusi n'kutembenuza suti yabuluu. Mayi anu atalowa anandipeza ndikumasula nsalu yofiira ija, msoko umene ndinausoka ndekha zaka zonsezo m'mbuyomo.

"Bambo a Tadala, mwapenga? Mukuononga suti yabwinobwino?"

"Ndikudziwa chimene ndikuchita. Tandilowetserani ulusi mu singanomu, sindikuona."

Anandilowetsera, ndipo anakhala akundilowetsera masiku onse amene ntchitoyo inatenga. Ndinafupikitsa mikono imene ndinaitalikitsa kale ndi manja omwewa. Ndinachepetsa mapewa, n'kukumbukira lotsika lija. Kenako ndinadula nsalu yofiira molingana ndi jekete la Kalebe n'kuisokerera m'kati pamanja, kuyambira m'khosi mpaka kumapeto a mikono.

Nditabwerera ku Thamesmead, Misozi ataona chimene ndanyamula anandiyang'ana mokhumudwa, koma anandithandiza kuwadzutsa bambo ake ndi kuwatsamiritsa pa mapilo. Tinawaveka pang'onopang'ono. Mikono inathera pamene iyenera kuthera. A Tembo anayang'ana manja awo, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Kenako anapisa dzanja m'kati kuti akonze kolala, ndipo dzanjalo linaima. Anatsegula jekete. Anayang'ana nsalu yofiira ija nthawi yaitali, akuisisita ndi chikhato monga anachitira tsiku loyamba pagalasi. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo ndinkaganiza kuti akulira, koma ankaseka, kuseka kopanda mawu kwa munthu wopanda mphamvu.

"A Makwinja," anatero, "mwalowamo ndithu."

"Yakale inali itatha. Ndikanatani?"

"Boza. Nsanje yanu naiziba kuchokela pa mutu wa nsomba."

"Munaona?"

"Ninaona. Nenze kufuna nione ngati muzakamba." Anapuma kaye, dzanja lili pa nsalu yofiira. "Ni bwino so. Uyu kunja, imwe mukati."

Anamwalira sabata yotsatira. Ndinapita kosungira mitembo n'kuwaveka ndekha monga tinapanganira, kolala nditaiwongola bwino. Poona nkhope anthu anaona jekete labulawuni, ndipo akale amene ankadziwa nkhani yake ankanong'onezana dzina la Kalebe. Panalibe amene anatchula langa. Ndinaima pambali ndikumva, ndipo ngakhale tsiku limenelo zinandiwawa pang'ono. Koma ndinkadziwa chimene chamukuta mnzanga kumsana ndi pachifuwa. Musandiuze kuti pakati panali malaya, ndikudziwa, ndinawasita ndine.

Lero

Maliro atatha Misozi anandiuza kuti suti yabuluu ndiisunge ine. Ndinaikonza kuti indikwane, pang'onopang'ono, mayi anu akundilowetsera ulusi. Mukaitsegula muona misoko yonse ili poyera, ndipo telala aliyense adzakuuzani kuti siinathe, adzafuna kukuikirani nsalu ina yam'kati. Mudzamukanize. Tadala, ndikudziwa udzati anthu adzaona ngati bambo anu anali wosauka, koma poona nkhope palibe amatsegula jekete. Tsiku langa likadzafika mudzandiveke imeneyo momwe ilili. Nsalu yake yam'kati ili kale kumene ndikupita.